Ukatembenuze Uone Msoko

Lusubilo mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi ndili mu shopu, Lamulungu masana, magetsi atathima monga mwa chizolowezi chawo. Iwe wapita kukatsanzika anzako a kukwaya. Ndiibisa m'thumba la m'mbali la chikwama chako kuti mawa ukaipeze basi itadutsa kale Karonga, pamene sungatsike n'kubwerera kudzandipanikiza ndi mafunso. Pakamwa ndalephera. Umandidziwa, ndikamakalipira makasitomala ochedwa kutenga zovala zawo mawu sandisowa, koma nkhani ikakhala yanga lilime limalemera.

Lachinayi lija, uli kuno pa tchuthi, unandiitana kuti ndidzaone pa laputopu yako. Unati akuntchito kwako ku Lilongwe, poti akukweza kuti uziyang'anira anzako olemba mapulogalamu a pakompyuta, akutumizira ntchito za anthu asanu ndi awiri ofuna kulembedwa. Aliyense anatumiza chitsanzo cha zimene amatha, zija mumati khodi, mizeremizere youza kompyuta chochita. Mayina anawachotsa n'kuika manambala kuti woyesa asakondere, ndipo Lachitatu likudzali ukuyenera kukatchula awiri oyenera. Utatsegula nambala faifi nkhope yako inagwa. Unati, "Amayi, iyi ndi yanga. Ndinalemba ndine ndili chaka chachitatu ku koleji." Unandionetsa ngakhale pamene unadzilembera wekha, pakati pa Chingerezi chonsecho, kuti "apa ndikonza mawa", ndipo mawa lakelo silinafike mpaka lero. Tonse tinadziwa kuti laputopu yako yakale ija anaigwirapo ndi munthu mmodzi yekha, Ambokile, mwana wa bambo ako aang'ono a ku Misuku. Unandifunsa kuti utani. Ine ndinanyamuka n'kukayamba kulowetsa ulusi m'makina omwe anali nawo kale ulusi.

Za khodi sindidziwapo kanthu, mwana wanga. Kwa ine zimaoneka ngati nyerere zafola pagalasi. Koma kuyesa munthu ndi chitsanzo cha ntchito yake ndachita zaka zoposa makumi awiri mu shopu muno, ndipo ndalakwitsa kokwanira kuti ndikhale ndi chonena. Uwerenge mpaka pamapeto. Usadumphe ndime monga umachitira ndi mameseji anga.

Chaka chimene unayamba sitandade wani ntchito inandichulukira. Ndinalengeza kutchalitchi kuti ndikufuna wosoka mmodzi, aliyense wofuna abwere ndi chovala chimene anasoka yekha. Anabwera amayi awiri tsiku limodzi. Woyamba anali Joyisi, wa kufupi ndi malire uko, atanyamula dilesi la kitenge lositidwa bwino m'pepala la pulasitiki. Lusu, dilesi limenelo ndimalikumbukirabe. Kolala yake inali itaima ngati ya m'sitolo, zipi osaoneka kumene wadzera, mizere ya nsalu yokumana ndendende paphewa. Ndinachita nsanje, ine mwini shopu. Sindinamufunse funso ngakhale limodzi, ndinangoti mawa ubwere uyambe. Sabata yomweyo ndinam'patsa mabulauzi oyera a amayi a chigwirizano amene ankapita ku msonkhano waukulu Loweruka. Lachisanu madzulo ndinapeza manja amodzi aatali ena aafupi, mabatani ali mbali ya amuna, zipi wa siketi atakhwinyata ngati chingwe cha mbuzi. Nditamufunsa analira. Anati, "Mama, dilesi lija anasoka ndi akulu anga a kutsidya. Anati ndingotenga waka, ntchito ndidzaphunzira mkati." Amayi a chigwirizano anapita ku msonkhano ndi mabulauzi akale, ndipo kwa chaka chathunthu mlembi wawo ankandiyankha moni akuyang'ana kumbali.

Chimene chimandiwawa sikuti ndi mabulauziwo ayi. Joyisi sanali chitsiru. Akadabwera ndi siketi yokhota yosoka yekha, ndikadadziwa poyambira kumuphunzitsa, ndipo lero akadakhala fundi, telala wodziwika. Koma analowa pakhomo langa atavala luso la munthu wina, ndiye tsiku lililonse ankakhala ndi mantha kuti aululika, osayerekeza kufunsa kanthu poopa kuoneka mbuli. Atachoka sanagwirenso makina. Mkulu wake uja ankati akumuthandiza.

Kuchokera pamenepo, chitsanzo ndimachilandira ndi manja awiri, ndiyamikire, kenako ndimuuze mwini wake kuti, "Chabwino, tachotsa zipiyu umuike kumbali, ine ndikuona." Chitsanzo chimangokuuza kuti kwinakwake kuli munthu wodziwa ntchito, sichikuuza kuti munthuyo ndi amene waima patsogolo pako. Unandiuza wekha kuti masiku ano kompyuta yomwe imatha kumulembera munthu khodi yosalala bwino, ndiye kuti aliyense ali ndi mkulu wake wa kutsidya m'thumba. Usakapereke ntchito chifukwa cha pepala lokha, Lusu. Ukamuitane munthuyo, umuuze asinthe kanthu kena kakang'ono iwe uli pomwepo, umufunse chifukwa chake anadzera apa osati apo. Mwini ntchito amadziwa pamene anavutikira, amayamba kuseka yekha asanakuonetse. Koma usakamuimirire pamsana ngati wapolisi. Ine ndinachitapo zimenezo kwa mayi wina waluso mpaka manja ake analephera kulowetsa ulusi pasingano. Um'patse mpando, um'patse madzi, ndipo akafunsa mafunso ambiri asanayambe usamuyese mbuli. Wofunsa asanadule nsalu ndi amene ndimamusiyira makiyi a shopu.

Mayi wachiwiri wa tsiku lija anali Esinala, wa ku Chisenga. Anafika fumbi lili mbuu mpaka m'mawondo, Chichewa chake chothyokathyoka, atakulunga yunifolomu ya mwana wa pulayimale m'chitenje chakale. Pafupi ndi dilesi la Joyisi, yunifolomuyo inali ngati thumba la feteleza. Inali yosasita, m'mbali yotupa, m'munsi yolemera. Nditaitembenuza ndinapeza kuti mkati wasiya nsalu yokwana zala zitatu mbali iliyonse, mpendero waupinda katatu. Ndinaseka, Mulungu andikhululukire. Ndinati, "Amayi, nsalu yonseyi mwaiunjika mkatimu, kwanu mumaitola m'tchire?" Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Mama, ana amakula. Nsalu sikula yayi." Ndinamuuza kuti ndidzamuitana, mawu amene tonse timadziwa tanthauzo lake.

Patapita zaka zingapo, mayi wina anabweretsa yunifolomu kuti ndiikulitse. Anati yavalidwa ndi ana awiri, tsopano ikupita kwa wachitatu wonenepa. Ntchito yokulitsa ndimadana nayo, chifukwa atelala ambiri amadula nsalu mpaka pamsoko penipeni, ukamasula umapeza palibe chokokera. Koma iyi nditaitembenuza ndinapeza zala zitatu mbali iliyonse, mpendero wopinda katatu, ulusi wosokedwa moti ukakoka nsonga imodzi umamasuka wokha osang'amba nsalu. Ndinamaliza tiyi asanazizire. Ndinafunsa mayiyo kuti anasoka ndani, ngakhale ndinali nditadziwa kale. Loweruka lotsatira ndinakwera matola mpaka ku Chisenga, ndinam'peza Esinala akupalira chimanga m'munsi mwa mapiri a Mafinga. Ndinapepesa, ndinamupempha abwere. Anandilandira bwino, anandiphikira mbatata, kenako anati, "Yewo chomene mama, mwavutika ulendo. Kweni makina ndinagulitsa kale, tsopano ndi khasu lokha waka." Ndinakwera matola kubwerera ndekha.

Esinala ankasokera munthu amene sadzamuona, telala wina wam'tsogolo amene adzamasule msokowo mwini wake palibe. Ine ndinangoona kunja. Paja amati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, koma palibe anandiuza kuti zimathekanso mbali inayo, kunja konyansa mkati mwabwino. Ndikunena izi chifukwa cha nambala thu. Unaidutsa msanga Lachinayi, unati yayitala mopanda chifukwa, Chingerezi chake n'chothyoka, ilibe kukongola kwa zinzake. Koma unanenanso, ukuyasamula, kuti munthuyo wafotokoza chidutswa chilichonse chimene chikuchita, ndipo waganizira zoti netiweki ikathawa pakati pa ntchito zimene munthu analemba zisatayike. Lusu, iwe wakulira kuno. Ukudziwa kuti netiweki imathawa. Sindikuti umulembe ntchito, sindimudziwa ndipo si ntchito yanga. Ndikuti ukatembenuze uone msoko. Ukadzifunse kuti, mwini wake akadzadwala kapena kuchoka, wotsalayo adzatha kumasula n'kukulitsa osang'amba? Ndipo Chingerezi chothyoka chisakakuchititse khungu. Bambo ako malemu ankathyola Chichewa mpaka tsiku lomwalira, koma katemera ankabaya mwana osalira.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

Mwezi wa Ogasiti, iwe uli ku Lilongwe, Ambokile anatsika kuchokera ku Misuku. Anakhala pa benchi apa pamene amakhala makasitomala, chipewa chili m'manja. Anati waona kuti kampani yanu ikufuna anthu, akufuna chitsanzo pasanathe sabata, koma chake n'chosamaliza. Kwawo kunali mitambo ndi nkhungu masiku ambiri, sola osagwira, ndipo masana amakhala ku munda wa khofi ndi bambo ake. Anapempha kubwereka laputopu yako yakale kuti amalizire kuno kuli magetsi. Ndinam'patsa. Tsiku lachiwiri anandiitana, anati, "Amama, taonani ya Lusu iyi. Yanga siyingafike apa olo pang'ono." Mwana wanga, Ambokile sanabe. Ndine ndinamuuza kuti atenge. Ndinati, "Cha Lusu ndi chako, ndi mlongo wako. Ikapo dzina lako utumize." Anakayika, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kasi zili bwino, amama?" Ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti ine malaya anga oyamba m'boma lino ndinadulira pa patani ya fundi wina wa ku msika, yojambula pa pepala la simenti, ndipo palibe ananditcha wakuba. Ndinati atelala timabwerekana mapatani tsiku ndi tsiku, asiye mantha a chibwana. Anamvera chifukwa ndine mayi ake aakulu.

Ndinkaganizadi kuti ndi patani, Lusu. Ndinkayesa kuti khodi ndi pepala lodulirapo, kuti ntchito yeniyeni imabwera pambuyo pake. Ndipo nthawi imeneyo palibe ankadziwa kuti woyesa udzakhala iwe. Ndinazindikira Lachinayi, ndikuona nkhope yako, kuti sindinam'bwereke patani ayi. Ndinam'patsa dilesi losokasoka, lositasita, n'kumutuma kuti akanene kuti wasoka yekha. Chimene mkulu wa Joyisi anam'chitira m'bale wake, chimene ndakhala ndikuchinyoza zaka zonsezi, ndinachita ine kwa mwana wa alamu anga, mu shopu momwemuno. Masiku atatu awa ndakuona ukudya pang'ono, ukumukwiyira mchimwene wako mumtima, ine ndikungokuonjezera ndiwo. Ndachita manyazi kwambiri, ndipo ndikupepesa.

Ndikudziwa chimene chikukulemera, chifukwa inenso chikundilemera. Bambo ako atamwalira, abale ena ananena pamaliro pomwe kuti mayi wa ku Mulanje uyu azipita kwawo, ana atsale. Bambo ako aang'ono anaimirira okha n'kunena kuti mlamu wawo sapita kulikonse, nyumba ndi yake, ana ndi ake. Ndi iwo anakuperekeza ku sekondale pa njinga yamoto, matiresi atamanga kumbuyo. Ndi iwo anavala jekete la bambo ako tsiku lomaliza maphunziro ako, n'kulira pagulu osabisa. Sabata ino aimba kawiri, akufunsa mwaulemu wawo uja kuti, "Mlamu, kasi za mwana wathu zikuyenda uli kwa Lusu?" Iwo sakudziwa kanthu za chitsanzocho. Akungodziwa kuti mwana wawo anafunsira ntchito kumene mwana wawo wina ndi bwana, ndipo mitima yawo ili m'malo. Khoswe wakhala pamkhate, mwana wanga, ndipo anamuikapo ndine.

Pali njira ziwiri zosavuta, ndipo ndikudziwa kuti zonse waziganizira. Yoyamba ndi kukhala chete n'kumudutsitsa, poti khodiyo ndi yabwino ndithu, mwini wake ndinabereka ndine. Ukatero, Ambokile adzalowa muofesi atavala ntchito yako, sabata yoyamba adzam'patsa mabulauzi ake, ndipo adzakhala Joyisi wachiwiri iwe ukuona. Komanso malo amenewo ndi a munthu wina pa anthu asanu ndi mmodzi otsalawo, amene anakhala pansi n'kulemba yekha, amene mayi ake sadziwa njira ya ku shopu kuno. Njira yachiwiri ndi kumugwetsa mwakachetechete, kum'patsa malikisi ochepa osanena chifukwa, kuti ku Misuku tidzangoti sanachite mwayi. Imeneyo imaoneka yaukhondo koma ndi bodza lomwelo, ndipo tsiku lina wina akadzapeza kuti khodiyo inali yako adzati unam'patsa ndiwe, kenako unachita mantha. Ntchito yatsopanoyi yonse yaima pa chinthu chimodzi, kuti ukanena kuti ichi n'chabwino ichi n'choipa, anthu akhulupirire. Chimenecho chikang'ambika sichisokeka.

Ukanene zoona, Lusu. Lachitatu, musanayambe kukambirana za wina aliyense, ukawauze akuluakulu ako kuti nambala faifi waizindikira, ndi ntchito yako ya ku koleji, ndipo amene watumiza ndi m'bale wako. Ukanene kuti pa ameneyo sungaweruze, aweruze ena. Akakufunsa kuti inafika bwanji m'manja mwake, usakandibise. Ukanene kuti mayi anga, telala wa ku Chitipa wosadziwa kusiyana kwa patani ndi chovala, ndi amene anam'kakamiza. Ngati sakhulupirira, ukawaonetse tsamba ili, dzina langa lili pansi. Mwina adzakuyang'ana ndi diso lina kwa kanthawi, sindingakulonjeze kuti ayi. Ngati mpata ulipo ungafunse kamodzi, osachonderera, ngati angamulole kutumiza chake chosamaliza chija. Akakana, akana, usakakangane nawo. Ine chosamalizacho sindinachione n'komwe, ndinali wotanganidwa kumuuza kuti n'chosakwanira. Mwina chili ndi zala zitatu mkati, sindikudziwa.

Ndipo usamutaye mchimwene wako. Adzakwiya, adzachita manyazi, mwina adzasiya kuyankha foni. Umusiye apume, kenako umuuze akutumizire ntchito yake yeniyeni, uiwerenge mzere ndi mzere monga ukanawerengera ya mlendo, umuuze pamene yakhota popanda kumunyengerera. Chibale ndi fupa, sichiola, koma chibale chimenecho si kum'bisira munthu kuti sanafike. Zimenezi ndikanayenera kuchita ine mu Ogasiti, ndikanangomuuza kuti atumize chake, chikagwe chokha ngati n'kugwa.

Zina ndi zazing'ono. Juzi yako yabuluu ndaikonza pachigongono, ili pamwamba. Mankhwala a mutu ali m'thumba la kutsogolo. Uzidya usanayambe kuweruza anthu, chifukwa iwe ukakhala ndi njala aliyense amakhala wolakwa, unayamba uli wakhanda. Uzipita kutchalitchi, usadikire kuti ukhazikike kaye pa udindo watsopanowu. Alamu anatumiza khofi ndi uchi dzulo kuti upite nazo. Ndazichotsa m'chikwama, zili pa shelefu kuno. Anatumiza ndi mtima woyera, koma sindikufuna ukamwe khofi ameneyo Lachitatu m'mawa.

Ku Misuku usaimbe, imeneyo si ntchito yako. Lachiwiri nditseka shopu, ndalankhula kale ndi wa njinga yamoto. Ndikwera phiri, ndikagwada pakhonde pa alamu anga, pamaso pa akazi awo ndi Ambokile, ndikanene ndi pakamwa panga chimene ndinachita ndi chimene iwe ukachite mawa lake. Ndikufuna akamve kwa ine nkhani isanachoke ku Lilongwe. Mwina adzandikhululukira. Mwina akazi awo adzanena kuti mayi wa ku Mulanje uja waonetsa mtundu wake tsopano, wakweza wake n'kugwetsa wathu, ndipo abale aja a pamaliro adzati tinanena ife. Ndikuopa, Lusu, sindikubisira. Zaka zonsezi khomo lija ndi limene landisunga m'dziko la eni. Koma ngati litsekedwa, litsekeredwe ine amene ndinalakwa.

Ndikukudziwa, Lachiwiri madzulo udzafuna kuimba kuti umve mmene zayendera, ndipo ukamva mawu anga akunjenjemera udzayamba kufunafuna njira ina. Usavutike, foni ndidzaithimitsa ndisanakwere njinga. Ndidzaiyatsa Lachitatu masana. Udzaimbe utanena kale.

Mulungu akutsogolere pa msewu ndi pa mpando umene wakupatsawo.

Ndine mayi ako,
Agnesi